Nyambo ya madola 101,200 ndi mono wa agogo anga

Loweruka lina chaka chatha ndinaperekeza amalume ku okushoni ya katundu wa m'nyumba ku Blantyre. Iwo ankafuna firiji yogwirapo kale ntchito, ine ndinangopita kukathandiza kunyamula. Ambirife mawu akuti okushoni timawadziwira ku fodya, amene wakhala akugulitsidwa motero ku Limbe kuyambira mu 1938. Koma iyi inali okushoni ya mipando, mabedi, mapoto ndi makatoni a zinthu zosakaniza za anthu amene anasamuka kapena kumwalira. M'katoni ina, pansi pa mabuku othetheka ndi nyali yakufa, ndinaona kachipangizo kakuda kachitsulo kokhala ndi chogwirira chopukusa. Pambali pake panalembedwa kuti kanapangidwa ku France. Ndinakazindikira. N'kokulungira chingwe cha mbedza, kamene Angerezi amati reel. Masiku ochepa m'mbuyomo ndinali nditawerenga pa foni kuti kunja kuli anthu amene amagula zida zakale zowedzera nsomba pa mitengo yoti munthu n'kumangira nyumba. Mtima unagunda.

Tinapikisana awiri, ine ndi bambo wina wogula zitsulo zakutha. Iye ankawerengera makilogalamu, ine ndinkawerengera fizi ya semesita yonse. Nyundo itagunda katoni inali yanga, ndipo ndalama yanga ya chakudya cha sabata yathunthu inali itapita. Amalume anandiyang'ana, anayang'ananso katoniyo, n'kufunsa kuti, “Mphwanga, nsomba zake ukawedza kuti? Mu Mudi?”

Usiku womwewo ndinafufuza pa intaneti. Kachipangizo kanga kanali Mitchell 300, reel imene idayamba kupangidwa m'tauni ya Cluses ku France chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940. Ndi yolimba, ndi yotchuka, ndipo chifukwa cha kutchukako adapanga mamiliyoni. Ku Ulaya imapezeka m'magalaja a anthu ngati mmene njinga yakutha imapezekera kuseri kwa nyumba kwathu kuno. Ndalama yoitumizira kwa wogula ikadaposa mtengo wake. Sabata imeneyo ndinadya za anzanga.

Koma njalayo inandisiyira funso limene ndakhala nalo mpaka lero. Zida ziwiri zonse n'zogwirira nsomba, zonse n'zakale. N'chifukwa chiyani china chigulidwa pa mtengo wa nsapato za pa kaunjika, china pa mtengo wa nyumba? Ndine wophunzira mbiri yakale, ndipo yankho limene ndinapeza likukhudza phunziro langa kuposa mmene likukhudzira nsomba.

Tiyambire kutali. Mu 1496 wosindikiza mabuku wa ku England, Wynkyn de Worde, adatulutsa kabuku kophunzitsa kuwedza kotchedwa Treatyse of Fysshynge wyth an Angle. Kabukuka sikauza munthu kumene angakagule zida. Kamamuuza mmene angazipangire yekha. Adule mtengo m'nyengo yozizira, auwongole pamoto n'kuuumitsa. Azule ubweya wa kumchira kwa hatchi n'kuupota kuti ukhale chingwe. Atenge singano, aifewetse pamoto, aitemere kamnga kokola nsomba, aipinde, kenaka ailimbitsenso poiviika m'madzi ili yofiira. Msodzi Mngerezi wa nthawi imeneyo sankasiyana kwenikweni ndi msodzi wa kwathu: zida zake zinkachokera kutchire, kukhola ndi m'manja mwake. Ndipo ndodo zake ndi zingwe zake simungazipeze pa okushoni lero. Zidaola, zidathyoka, zidasonkhedwa pamoto, zopanda dzina la mwini wake.

Zinthu zidasintha pamene kupanga zida kudasanduka malonda. Buku la Izaak Walton la mu 1653, The Compleat Angler, lidathandiza kuti kuwedza kuoneke ngati chisangalalo choyenera munthu waulemu wake. Anthu otere sankafuna kudzipotera okha ubweya wa hatchi, ankafuna kugula. Mu 1761 Onesimus Ustonson adatsegula sitolo ya zida zowedzera mu London, ndipo banja lake lidafika pogulitsa zida kwa mafumu a ku Britain. Tauni ya Redditch, imene inkadziwika kale ndi kupanga singano, idasanduka likulu la mbedza, poti singano ndi mbedza zonse zimayambira pa waya mmodzi. Kampani ya Allcock ya m'tauniyo idakula mpaka kumatumiza katundu wake m'maiko ambiri. Ku Norway, kampani ya Mustad ya ku Gjøvik idapanga makina mu 1877 amene ankameza waya mbali ina n'kumalavula mbedza mbali inayo. Pa zonsezi, chachikulu kwa ife ophunzira mbiri n'chaching'ono pochiona: opanga zida adayamba kudinda maina awo pa chitsulo, kulembetsa luso lawo kuboma kuti wina asawabere, ndi kusindikiza makatalogu a katundu wawo chaka ndi chaka.

Taonani anthu amene adapanga zida zimene lero zikulimbiranidwa. George Snyder wa ku Paris, m'chigawo cha Kentucky ku America, anali wokonza mawotchi, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800 adaika magiya a mtundu wa wotchi mu reel kuti ukapukusa kamodzi, chokulungira chingwe chizizungulira kangapo. William Hardy adatsegula shopu yake ku Alnwick, kumpoto kwa England, mu 1872 ngati wosula mfuti, ndipo iye ndi mbale wake John James adatulutsa reel yotchedwa Perfect mu 1891, yoyendera timipira tachitsulo. Allcock adatulutsa Aerial mu 1896, yokhala ndi masipoko ngati gudumu la njinga, panthawi imene njinga zinali zitangotenga malo ku Britain. Alfred Illingworth, mwini fakitale ya nsalu ku Bradford, adalembetsa mu 1905 reel imene chokulungira chake sichizungulira, chingwe chimangosololoka ngati ulusi pa makina owombera nsalu. Mitchell yanga ija ndi mdzukulu wa nzeru imeneyo. James Heddon wa ku Dowagiac, Michigan, anali mlimi wa njuchi asadayambe kugulitsa nyambo zosema pamtengo mu 1902. Ukatsegula reel yakale umapezamo wotchi, mfuti, njinga ndi makina a nsalu. Mbiri yonse ya mafakitale a nthawiyo ili m'kanthu kokwana m'dzanja.

Ndodo nayo ili ndi nkhani yake, ndipo ndi nkhani ya utsamunda. Mtengo wolimba wotchedwa greenheart unkadulidwa m'nkhalango za ku British Guiana, dziko limene lero ndi Guyana. Nsungwi zabwino koposa zinkachokera kumwera kwa China. Amisiri ankazing'amba, n'kupala timizere tisanu n'kamodzi, n'kutimata pamodzi kuti tikhale ndodo imodzi yowongoka. Chingwe chachikulu chinali cha silika wopakidwa mafuta. Kachingwe kowonekera ka kumapeto, komangirira mbedza, kankachokera makamaka ku Murcia ku Spain, kumene ankaviika mbozi za silika mu viniga, kuzing'amba, n'kukoka timatumba ta silika ta m'mimba mwake mpaka titatalika ngati ulusi. Kachingweka kankafunika kukanyika m'madzi usadamange mfundo, apo ayi kankathyoka. Mngerezi woimirira mumtsinje wa ku Scotland anali atagwira thukuta la anthu a m'makontinenti atatu. Pa ndodoyo pamaoneka dzina limodzi lokha, la sitolo.

Ngakhale ku Britain komweko, si msodzi aliyense amene zida zake zidapulumuka. Mitsinje ya nsomba za salmon ndi trout inali ndi eni ake, ndipo kuwedzamo kunali kolipira ndalama zambiri. Anthu ogwira ntchito m'mafakitale a ku Sheffield kapena Birmingham ankakwera sitima pa tsiku lopuma kukawedza m'ngalande ndi m'mitsinje ya kuchigwa, nsomba zimene olemera ankazipeputsa. Wolemera ankagwiritsa ntchito reel yake masabata ochepa pachaka, n'kuipukuta, n'kuibwezera m'kachikwama kake kachikopa m'chipinda chouma. Wosauka ankagwiritsa ntchito yake mpaka itatha, n'kuimanga ndi waya, n'kupatsira mwana wake. Chimene chimafika pa okushoni patatha zaka 100 chili chonyezimira, nthawi zambiri ndi chimene sichidagwire ntchito kwambiri.

Zida zimenezi zidasanduka zakale mwadzidzidzi. Kampani ya DuPont idalengeza za nayiloni mu 1938, ndipo nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, chingwe cha nayiloni chidalowa m'malo mwa silika ndi ulusi wa mbozi uja. Ndodo za fibreglass zidakankha nsungwi, pulasitiki idakankha nyambo zosema. Zatsopanozi zinali zotchipa, zosaola, zosafuna kunyika kapena kuyanika. Anthu adataya zakale mosangalala. Patangopita m'badwo umodzi, ana awo adayamba kuzifunafuna. Nyumba yosungiramo zinthu zakale ya American Museum of Fly Fishing idakhazikitsidwa ku Manchester, Vermont, mu 1968. Bungwe la otolera nyambo zakale la National Fishing Lure Collectors Club lidayamba mu 1976. Posakhalitsa kudabadwa makampani a okushoni ogulitsa zida zowedzera zokhazokha.

Okushoni yotere imayenda chonchi. Chinthu chilichonse chimapatsidwa nambala, chimajambulidwa, chimayezedwa, ndipo chimalongosoledwa m'katalogu pamodzi ndi mtengo woyerekeza. Mwini wake akhoza kuika mtengo wobisika umene ukapanda kufikidwa katunduyo sagulitsidwa. Wopambana salipira mtengo wa pa nyundo wokha. Amawonjezerapo gawo lina lopita kwa ochititsa okushoni, mwambo umene Christie's ndi Sotheby's adauyambitsa ku London mu 1975. Pa zimene zimakweza mtengo, kugwira nsomba kulibepo. Chofunika n'chakuti chinthucho chikhale chosowa, chikhale monga chidatulukira kwa mmisiri, ndipo chidziwike kumene chidachokera. Munthu akapeza reel yamkuwa yakuda ndi ukalamba n'kuikwecha ndi mchenga kuti iwale, monga tichitira ndi mapoto, waphwanya mtengo wake. Nyambo ya Heddon yokhala m'kabokosi kake kapepala imaposa kutali inzake yopanda bokosi, ndipo nthawi zina bokosi lopanda kanthu limagulidwa palokha. Poti pali ndalama, palinso akathyali: ena amapakanso penti nyambo yakale, ena amalumikiza ziwalo za ma reel awiri kuti atulutse imodzi yooneka yosowa. Wogula wochenjera amadziteteza ndi mapepala, makatalogu akale a kampani ndi zikalata za kuboma, kuti aone ngati sikuluu iyi idalipodi m'chaka chimenecho.

Poyamba ndinkawaseka anthu amenewa. Ndinkati ndi masewera a anthu okhuta. Ndinasiya kuseka nditawerenga za kachinthu kamodzi. Amisiri a ku fakitale ya Hardy ankadinda zilembo za maina awo m'kati mwa reel imene amaliza, pamalo posaoneka pokhapokha utaimasula. Otolera zida ndi amene adalondola zilembozi mpaka kudziwa eni ake, monga Walter Dingley amene chizindikiro chake chinali D. Munthu wovala ovolosi, amene sadalembe buku, sadalamule dziko, akudziwika dzina patatha zaka zoposa 100, ndipo anthu amatha kusiyanitsa ntchito ya manja ake ndi ya mnzake. Imeneyi ndi ntchito ya wolemba mbiri, ndipo aigwira ndi anthu amene ambiri a iwo sadalowepo m'kalasi ya mbiri. Okushoni ili ndi zoipa zake. Imamwaza zinthu zimene zidakhalira pamodzi, imazitsekera m'makabati a anthu olemera, ndipo imaphunzitsa anthu kufunsa mtengo asadafunse tanthauzo. Koma katalogu yake imatsala, ndi zithunzi, miyeso ndi zaka.

Tsopano tifike pa nyambo ya pamutu wa nkhani ino. Mu Novembala 2003, pa okushoni ya Lang's ku Massachusetts, kansomba kamkuwa kotalika mainchesi 10 kadagulidwa pa madola 101,200. Adakapanga ndi Riley Haskell, wosula mfuti wa ku Painesville, Ohio. Kali ndi mamba osemedwa bwino, mchira wozungulira ukamakokedwa m'madzi, ndi mbedza kumapeto. Tinsomba ta Haskell ting'onoting'ono timapezeka apo ndi apo, koma kakakulu chotere kanali kosowa zedi, ndipo kadabwera ndi bokosi lake lamatabwa lodindidwa dzina la mmisiriyo. Chikalata cha boma la America chovomereza luso la Haskell n'cha mu Sepitembala 1859.

Chaka chimenecho aliyense wa ife adachiloweza ku pulayimale. Mu Epulo 1859 David Livingstone adafika pa nyanja ya Chilwa, ndipo mu Sepitembala, mwezi womwewo umene Haskell ankalandira chikalata chake, adafika pa nyanja ya Malawi. Kumeneko kunali kale asodzi aluso, okhala ndi mabwato osema, maukonde a ulusi wa bwazi, miono ndi mabiyo otchinga mitsinje nthawi imene mpasa ndi sanjika zikukwera kukaswana. Luso la anthu amenewa silinali lochepera la Haskell. Woluka mono amayenera kudziwa kukula kwa mutu wa nsomba imene akufuna, kumene madzi akuyenderera, ndi chizolowezi cha nsomba choti ikalowa pakhomo lopanikiza siidziwanso potulukira. Koma m'mabuku a apaulendo a nthawi imeneyo anthu awa amangotchedwa asodzi, khamu lopanda maina. Haskell timamudziwa tauni yake, ntchito yake ndi mwezi wa chikalata chake. Mnzake wa pa Chilwa wa mwezi womwewo sitimudziwa chilichonse.

Maiko awiriwa adadzakumana pano pa Zomba. Angerezi ankakonda trout kwambiri moti ankayenda nayo kulikonse kumene adakalamula. Mu 1864 sitima yotchedwa Norfolk idanyamula mazira ake, oikidwa mu ndere ndi madzi oundana, ulendo wa ku Tasmania. Ku Kenya idafika mu 1905. Kuno ku Nyasaland idathiridwa m'mitsinje yozizira ya pa phiri la Zomba m'zaka zoyambirira za m'ma 1900, ndipo pambuyo pake idafikanso ku Mulanje ndi ku Nyika. Zomba linali likulu la boma mpaka 1975, ndiye bwana wa ku ofesi ankatha kuweruka, kukwera phiri, n'kukaponya chingwe chake mu Mulunguzi ngati ali kwawo. Madzi a Mulunguzi amatsika phiri, amathira mu Likangala, ndipo Likangala amakathira mu Chilwa. Kumtunda kwa madzi amenewa munthu ankawedza kuti apumitse mutu. Kumunsi kwa madzi omwewo, agogo anga aamuna ankatchera miono kuti ana adye ndi kuti msonkho ulipidwe.

Agogowo anali msodzi wa ku Kachulu. Ankapita pa nyanja masabata angapo, kugona pa zimbowera, timisasa tija tomangidwa pa udzu woyandama, n'kubwerako ndi matemba, makumba ndi milamba yowamba. Miono ankaluka okha ndi nsungwi zong'amba, ndipo m'kati ankaikamo madeya ngati nyambo. Ankandiuza kuti bambo awo ankapota okha ulusi wa ukonde pa ntchafu, kuchokera ku makungwa a zitsamba, ntchito ya miyezi, ndipo ukondewo unkafuna kuyanika tsiku ndi tsiku kuti usaole. Iwo ali mnyamata, anthu adatulukira nzeru ina: kusenda matayala akutha a galimoto n'kusololamo ulusi wa m'kati mwake kuti alukire maukonde. Nditakula ndinapeza kuti olemba mbiri ya usodzi wa dziko lino amaitchuladi nzeru imeneyi. Kenaka nayiloni yemwe uja adathetsa silika ku Scotland adafikanso kuno, ndipo ulusi wa makungwa ndi wa matayala udatha ngati moto wa mapesi.

Agogo anamwalira ndili Fomu 2. Pogawa katundu, wailesi inapita kwa wina, njinga kwa wina, jekete kwa wina. Miono iwiri imene inali pa denga la khitchini palibe anaifunsa. Umodzi agogo aakazi anavundikirira anapiye kuopa mphamba, mpaka unaphwasuka. Winawo unathera pa mafuwa tsiku lina la mvula nkhuni zitanyowa. Kamtengo kosema kolukira ukonde, kamene kanali katasalala ndi manja awo, ine ndemwe ndinkaseweretsa pabwalo, ndipo sindikumbuka kumene ndinakasiya. Lero pa tebulo langa pali reel ya mlendo amene sindimudziwa, yoti ndingakuuzeni tauni imene inapangidwira. Cha agogo anga ndilibe ngakhale chithunzi cha mono wawo.

Wina anena kuti nsungwi ndi luzi zimaola, mkuwa suola, nkhani yathera pomwepo. N'zoona ndithu, chiswe sichidya Mitchell. Koma kumbukirani kuti pa okushoni kabokosi kapepala kamagulidwa, ndipo pepala silipirira kuposa nsungwi. Lidapulumuka chifukwa wina adaona kuti n'loyenera kusunga. Komanso chimene chimapatsa mtengo kansomba ka Haskell si mkuwa, poti mnzanga wa zitsulo zakutha uja akadakayeza pa sikelo sakadapereka ndi ya minibasi yomwe. Ndi dzina, chaka ndi malo. Zitatu zimenezi sizifuna mkuwa, zimafuna munthu wolemba.

Wina anenanso kuti ndikulirira umphawi. Ayi. Agogo sankausowa ulusi wa makungwa. Ankaseka akamakamba za matuza a pa ntchafu za bambo awo, ndipo nayiloni adamulandira ndi manja awiri monga adachitira asodzi a ku England. Sindikuti msodzi wa ku Kachulu abwerere ku bwazi kuti ine wa ku koleji ndisangalale. Sindikufunanso kuti miono yathu izikagulitsidwa ku London, poti tikudziwa zimene zimachitika zinthu za ku Africa zikapeza mtengo kumeneko: zimachoka, ndipo mdzukulu amafunika viza kuti akazione. Chimene ndikusirira kwa otolera zida aja si mitengo yawo koma khalidwe lawo lofunsa kuti, ichi adapanga ndani, liti, kuti, ndi chiyani, ndipo chikusiyana bwanji ndi cha chaka chapitacho?

Si kuti za usodzi wathu sizidalembedwe konse. Mu 1939 akatswiri atatu, Bertram, Borley ndi Trewavas, adachita kafukufuku wa nsomba za m'nyanja ya Malawi, ndipo lipoti lawo lidatuluka mu 1942. Rosemary Lowe adatha zaka za 1945 mpaka 1947 akufufuza za chambo. John McCracken adalemba mu 1987 za usodzi ndi chuma cha nthawi ya atsamunda. Ku Mangochi kuli nyumba yosungiramo zinthu zakale za kunyanja. Ntchito zimenezi n'zamtengo wapatali, ndipo popanda izo nkhani ino sindikadailemba. Koma malipoti a boma ankafuna kudziwa kuchuluka kwa nsomba ndi mitundu ya zida, sankafuna kudziwa mmisiri. Tili ndi mbiri ya khoka, ya chilimila, ya matchera. Tilibe Dingley wathu, woluka mono amene tinganene kuti khomo lopindika chotere ndi dzanja la uje wa mudzi wakuti. Chikhalirecho pa doko lililonse asodzi amadziwa bwino amene miono yake imagwira kuposa ya anzake, ndi amene amasema bwato losapendekeka. Nzeruyo ilipo, koma ili pakamwa pokha, ndipo imalowa m'manda limodzi ndi eni ake.

Nthawi nayo sikutidikira. Chilwa idaphwa mu 1968, idaphwanso mu 1995, ndipo m'zaka zaposachedwapa yabwereranso m'mbuyo koopsa. Nyanja ikaphwa asodzi amabalalika, ena kukalima, ena ku Malombe, ena ku Joni, ndipo zida zimatsala zikuola pa matope. Madzi akabwerera amabwera ndi anyamata atsopano ndi zida zatsopano. Mabwato amatabwa akulowa m'malo mwa osema chifukwa mitengo ikuluikulu yatha. Maneti a udzudzu alowa m'madzi. Chimene chikuoneka wamba lero pa doko, pakatha zaka 30 chidzakhala chosowa kuposa Hardy Perfect, ndipo sipadzakhala katalogu yotiuza mmene chinkaonekera.

Anzanga a ku koleji, ife tili ndi mwayi umene Haskell analibe. M'thumba mwa aliyense muli kamera, chojambulira mawu ndi kalendala. Chaka chilichonse timalemba mapepala omalizira maphunziro pa mitu imene ena adailemba kale kakhumi, pamene kumudzi kwathu kuli mmisiri amene palibe adamufunsapo funso limodzi. Sindikunena za asodzi okha. Wosula makasu, woumba mbiya, wokonza mawailesi pa msika, wosoka nsapato za matayala, onsewa ali ndi zida zimene zikusintha ife tikuona.

Pa tchuthi chapitachi ndinapita ku Kachulu ndi kope ndi tepi yoyezera. Ndinapeza mkulu wina amene ankawadziwa agogo, akuluka mono pansi pa mtengo. Ndinawapempha kuti ndijambule, ndiyeze, ndi kulemba dzina lawo. Anaseka kwambiri. “Mwana wa kunyanja iwe, mono sukuudziwa? Ulembe chiyani pamenepa?” Ndinawayankha kuti, “Agogo, mono ndikuudziwa, koma wanu sindikuudziwa.” Anakhala chete pang'ono, kenaka anatembenuza monowo n'kundionetsa mmene amamangira mfundo za pakhomo, mopingasa kawiri. Anati anaphunzira kwa amalume awo, ndipo pa doko lonselo amamanga chotero ndi iwo okha. Ananditchulira dzina la amalumewo, mudzi wawo, ndi kumene ankadula nsungwi. Zonse zili m'kope, pamodzi ndi tsiku, utali wa mono ndi kukula kwa khomo lake.

Pochoka ndinawaonetsa Mitchell ija, imene ndinaithira mafuta ndipo ikuzungulira bwinobwino. Anaipukusa kangapo pafupi ndi khutu, kumvetsera kulira kwa magiya ake, n'kuvomereza kuti amene anaipanga ankadziwa ntchito. Kenaka anafunsa dzina la mmisiri wake. Ndinawauza kuti pachitsulopo palembedwa dzina la kampani lokha. Anandibwezera n'kunena kuti, “Ndiye nayenso anamuiwala,” n'kupitiriza kuluka.